Chiponde changa chanunkha dizilo

Mabotolo anga onse a chiponde amene ndinapereka kuloji yogona alendo abwezedwa. Akuti akununkha ngati galaja.

Ine ndine Grace wa ku Dambwa, ndimagaya mtedza. Lolemba makina anga anayamba kulira ngati mbuzi yomangidwa. Ndinawakweza pa wilibala mpaka kwa Ba Mubita, makaniki wina wa kuseri kwa msika. Ndinawauza kuti atsegule, atsuke m'kati, aone chimene chikulira.

"Osadandaula, madamu. Ise tikonza na mainjini ya maboti."

Nditamva za maboti, mtima unakhala pansi.

Anamasula zitsulo zonse n'kuziviika m'beseni la zamadzimadzi zakuda. Ine ndili chiimire pomwepo, mphuno zitatseka ndi chimfine. Ndinafunsa kuti ndi sopo wanji. Anati ndi mankhwala a mainjiniya. Ine wopusane ndinawayamikira kuti zitsulo zikuwala. Ndinajambula ndi chithunzi chomwe!

Beringi, kachitsulo kozungulira kamene kamalirako, anangokapukusa ndi chala n'kunena kuti kakadali kamwana.

Kunyumba ndinagaya thumba lonse. Phokoso linalipobe, koma ndinadziuza kuti makina akuzolowera ukhondo. Kulawa ndinalawa. Lilime la chimfine linati zili bwino. Ndinamata mabotolo, ambiri n'kukapereka kuloji ya ku Nakatindi, komwe ndakhala ndikugulitsa kuyambira chaka chatha.

Lachitatu m'mawa Ba Mutinta, wophika wamkulu wa kumeneko, anandiimbira.

"Ba Grace, manje mugulitsa mafuta ya galimoto? Mlendo wapaka pa buledi, walavula pamaso pa manijala."

Ndinathamangira kwa Ba Mubita. Osadabwa n'komwe. Anati litsiro limachoka ndi dizilo, nanga ndimafuna atsukire tiyi? Anatinso sindinawauze kuti makinawo ndi a chakudya.

"Nanga chiponde chinamatirira m'katimo simunachione?"

"Ah, ine nenze naganiza ati ni girisi ya bulauni."

Girisi wonunkhira mtedza, abale?

Dzulo beringi yachinyamata ija yafa. Makina aima. Kuloji akuti ayamba agula kwa wina, za ine aganizira.

Ba Mubita, ndikufuna beringi yatsopano ndi thumba langa la mtedza. Sindisiya kubwera pakhomo panupo.

Inu amene munagula chiponde kwa ine sabata ino, musadye, bwezani. Ndipo wina wolimba mtima apite ku Nottie Broadie akauze apongozi anga. Ndinawapatsa botolo lalikulu laulere, ndipo foni yawo ndikuopa kuyankha.