Choko cha a Nyundo

A Nyundo anagwira ntchito pa siteshoni ya sitima zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo sanakonzepo chinthu ngakhale chimodzi. Si kuwanyoza ayi, ntchito yawo inali yomweyo. Sitima ikaima, iwo ankayenda m'mbali mwa njanji ndi kanyundo ka chigwiriro chachitali, kumagogoda gudumu lililonse. Gudumu labwino limalira ngati belu. Long'aluka limangoti bu, ngati wagogoda dzungu. Akamva zotere ankatulutsa choko m'thumba la ovolosi, kulemba mtanda pa bogiyo, basi n'kupitirira. Zomasula ndi zowotcherera zinali za anthu ena. Dzina lawo lenileni linatayika kalekale, moti ngakhale abwana ankangowaitana kuti a Nyundo.

Khutu anali nalo, zimenezo tisawamane. Anapulumutsa anthu ambiri amene mpaka lero sadziwa n'komwe kuti anapulumuka. Koma munthu ukamudyetsa zaka zonsezo chifukwa chopeza zolakwika, amafika poganiza kuti kuloza cholakwika ndiye kusamala.

Akazi awo anali mayi wa mawu ochepa. Anali ndi kashopu kogulitsa ulusi, mabatani ndi mazipi pafupi ndi msika, ndipo mng'ono wawo ankakhala tsidya lina la msewu. Banjali linkayenda bwino, makamaka chifukwa bambo ankachoka m'mamawa n'kubwerako atatopa, pakamwa patauma.

Zopita kunyanja yamchere zinali za bambo okha. Tsiku ndi tsiku mabogi ankabwera kuchokera kudoko akununkha mchere, pansi pake pali mchenga. Sitima zonse zinkapita kunyanja, iwo n'kumatsala ndi kanyundo kawo. Zinkawawawa, ngakhale sanauzepo munthu. Atangopuma pa ntchito anagulitsa nyumba, nagula ina kugombe asanaione n'komwe kawiri.

"Mwandifunsa, bambo?" anatero akazi awo.

"Ndiye ndikukuuzanitu," anayankha iwo.

Mayiwo anatseka kashopu, mabatani otsala anapatsa mng'ono wawo, nalongedza mbale m'makatoni.

Nyumba yatsopanoyo inali ya zipinda ziwiri ndi kakhonde, pa msewu wachiwiri kuchokera kumadzi. Sabata yoyamba a Nyundo ankatenga mpando m'mawa, kukakhala pamchenga, kumayang'ana madzi. Sabata yachiwiri anayamba kubwerako dzuwa lisanafike pamutu. Nyanja ilibe poigogoda. Imabwera, imabwerera, siikufunsa munthu maganizo. Munthu amene anazolowera kuti sitima yathunthu imadikira iye yekha anangosanduka nkhalamba yovala chipewa.

Ndiye anatembenukira kunyumba. Ndipo mphepo yakugombe ndi yoipa mtima, imadya chitsulo chilichonse. Loko anayamba kuuma, mahinjesi a chitseko kulira, misomali kutuluka dzimbiri. Kwa munthu wina amenewa akanakhala mavuto. Kwa a Nyundo unali ngati mwayi wolembedwanso ntchito. M'katoni ina anapeza bokosi la choko limene anachoka nalo ku siteshoni, ndipo mtima wawo unakhala m'malo.

Mtanda woyamba unagwera pa chitseko cha kubafa. Wachiwiri pa zenera la kuchipinda. Kenaka mwendo wa bedi, mpopi, chivundikiro cha ketulo, ngakhale chogwirira cha ambulera. Ankayenda m'nyumba manja ali kumbuyo, kugogoda ndi chala, kupendeketsa mutu, kulemba, n'kukakhala pakhonde ngati munthu amene wagwira ntchito yaikulu. Kutenga sikuludiraiva, ayi. Zimenezo sizinali za dipatimenti yawo.

Dipatimentiyo anali akazi awo. Iwo ndi amene ankathira mafuta m'mahinjesi, kukafuna kalipentala, kupala dzimbiri, pomaliza n'kufufuta chokocho ndi kansanza konyowa. Kwa eni ake kunalibe mnzawo wocheza naye. Mng'ono wawo ankamumva pafoni basi. Zala zimene zinazolowera kusankhira anthu ulusi wa mtundu woyenera zinayamba kununkha mafuta a makina.

Tsiku lina mpando wa pakhonde unayamba kugwedera, ndipo unalandira mtanda wake. Kalipentala anali atapita kumaliro. Mayiwo anaugwetsa chagada okha, kuchotsa misomali yakale, kuthira guluu, kukhoma yatsopano. Anathera masana onse, nadzikhoma chala mpaka chikhadabo kuda. Atamaliza anaufufuta bwinobwino, nauimika. A Nyundo anabwera, anaugogoda ndi chala, anamvetsera kanthawi, kenaka analemba mtanda pamalo pomwe paja, padakali ponyowa.

Mayiwo sanakuwe. Anangokhala pa sitepe, kansanza kali m'manja.

"Bambo, ine zandifika pakhosi."

"Nanga ndiname? Mwendo wakumbuyowo sunalowe bwino."

"Sindikukana za mwendo. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu. Kaya zatsala khumi, kaya ziwiri, sindikudziwa. Koma sindingazithere ndikuyenda pambuyo panu ndi kansanza. Lachisanu ndikwera basi, ndikakhala kwa mng'ono wanga. Ngati mukufuna ndikhale, nenani ndi pakamwa panu. Mawu okha, bambo. Sindikupempha kuti mukonze mpando."

Apa ndi pamene zimapsetsa mtima, chifukwa a Nyundo ankawakonda akazi awo. Ankawakonda kwambiri, moti sankafuna n'kuganiza komwe za nyumbayo mulibe iwo. Masiku atatu amene anatsala kuti Lachisanu lifike anayenda pamchenga akulankhula okha. Mawu anali nawo, ndipo anali ochepa: musapite, ndalakwa. Koma akawayesa m'kamwa ankawapezera chilema. Awa akumveka ngati kupempha. Awa akumveka ngati bodza. Awa ndinena mawa. Lachinayi anaika choko m'kabati, akuganiza kuti mayiwo aona okha n'kumvetsa. Mayiwo anaona, koma anapitiriza kupinda zovala zawo.

Lachisanu m'mawa a Nyundo ananyamula chikwama mpaka kudepoti. Basi inali itaima kale, anthu akukwera. Akazi awo anaima pakhomo pa basiyo, phazi limodzi pa sitepe, nawayang'ana. Sanafulumire. Analola anthu anayi kuwadutsa.

A Nyundo anatsegula pakamwa. Pomwepo diso lawo linagwera pa gudumu lakumbuyo. Anayesa kuyang'ana kwina, koma mwendo unali utapita kale. Anagunda gudumulo ndi nsapato, napendeketsa mutu.

"Adalaivala! Tabwerani kuno. Manati awiri awa ndi omasuka."

Dalaivala anatsika akung'ung'udza, koma atayesa ndi sipanala nkhope inasintha. Manatiwo ankazungulira ndi zala.

"Aa, madala, mwatipulumutsatu! Mwadziwa bwanji?"

Chifuwa cha a Nyundo chinatukuka. Panali patapita chaka chathunthu munthu asanawafunse funso limenelo. Anayamba kufotokoza za siteshoni, za mabogi, za kulira kwa chitsulo chabwino. Anthu anawazungulira. Dalaivala anagwada kumanga manati, iwo ataima pamwamba pake, akuloza kuti ayambire ili, kenaka ilo, ayang'anenso ndi gudumu lakutsogolo.

Ntchitoyo inatenga mphindi khumi ndi zisanu. Nthawi yonseyo akazi awo anali atakhala pampando wa pazenera, galasi atalitsegula, chigongono chili panja, pafupi kwambiri moti akanatambasula dzanja akanawagwira phewa amuna awo. Anadikira mphindi zonsezo, ndipo bambo sanatembenuke ngakhale kamodzi.

Injini italira m'pamene a Nyundo anadzidzimuka. Anatembenukira pazenera, nagwira chitsulo cha basi. Basi inali itayamba kale kuyenda.

"Zikomo, bambo," anatero mayiwo. "Ndikafika bwino."

Ndipo anakafikadi bwino. Kugombe sanabwerereko.