Khansa Yanga ndi Mwana wa ku Kaunda Square

Chotupacho ndinachipeza ndikusamba, m'bere lakumanzere, cholimba ngati nyemba youma. Sichinkapweteka, n'chifukwa chake ndinakhala nacho miyezi inayi osauza munthu. Nthawi imeneyo ndinkatayipa makalata mu ofesi ya boma m'tauni, ndipo tinkakhala m'mafulati a ku Kabwata ku Lusaka, ine, amuna anga ndi ana athu aakazi awiri. Panali patangopita zaka zochepa chibwerereni zipani zambiri. Kampani ya boma imene amuna anga ankagwirako inagulitsidwa, iwo n'kuchotsedwa ntchito, ndipo anayamba kukaoda zitsulo za galimoto kunja n'kumagulitsa m'tauni. Kusowa pakhomo masiku awiri kapena atatu sichinali chachilendo. Ndinkawanyadira kuti sanakhale pansi n'kumadandaula ngati anzawo.

Amene anandikakamiza kupita kuchipatala ndi mnzanga wa kuntchito, mayi wachibemba wa ku Kitwe, amene thebulo lake linayang'anizana ndi langa. Anaona kuti ndikaleka kutayipa dzanja limathamangira pachifuwa.

"Ba sisi, n'chiyani mukungogwila pamenepo?"

Ndinamuonetsa kuchimbudzi cha akazi. Anakhudza kamodzi kokha, nati Lolemba tipita limodzi, zopempha chilolezo kwa abwana ndimusiyire iye.

Kuchipatala anachotsa kanyama kuti akapime. Amuna anga ndinangowauza kuti adokotala akufufuza chifukwa chimene ndikutopera ndi kuonda, poti ndinalidi nditaonda ndi nkhawa. Patapita masabata atatu adokotala anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ndi khansa, ndipo bere lonse liyenera kuchotsedwa msanga. Ndimakumbukira kuti ndinawafunsa ngati ndidzathe kutayipa. Sindikudziwa chifukwa chake funso loyamba linali limenelo.

Ndinafika kunyumba cha m'ma fili koloko masana, ana adakali kusukulu. Amuna anga anali pabalaza, akusankha timabawuti panyuzipepala. Ndinakhala pampando osavula nsapato.

"Zotsatila zatuluka," ndinatero. "Siyani kaye zimenezo. Si nkhani yabwino."

Anasiya timabawuti tija. Kenaka munthu amene sindinamuonepo atagwada ngakhale kutchalitchi anatsika pampando n'kugwada pasimenti.

"Amake mwana, ndine. Ndine ndakubweletselani."

Sindinamve chimene ankatanthauza. Masiku amenewo munthu akayamba kuonda aliyense ankaganiza za Edzi. Pafulati pathu pokha tinali titaika maliro angapo, ndipo anthu ankangonong'ona kuti ndi kaliondeonde. Amuna anga anaganiza kuti ndizo zimene adokotala apeza, ndipo asanandipatse mpata anayamba kukhuthula zonse. Anati kuli mkazi ku Kaunda Square, akhala naye zaka zitatu, ali ndi mwana wamwamuna amene wayamba kale kuyenda. Maulendo ambiri okaoda katundu ankathera kumeneko. Anati mkaziyo wakhala akutsokomola chiyambire nyengo yozizira, ndipo iwo akhala ndi mantha osagona nawo tulo.

Ndinawasiya mpaka anamaliza. Pepala la kuchipatala linali m'chikwama pamiyendo panga. Ndinalitulutsa n'kuliika pathebulo pafupi ndi timabawuti tija.

"Ndili ndi khansa ya bele," ndinatero.

Anawerenga pepalalo adakali chogwada. Chimene ndinaona pankhope pawo sindidzachiiwala. Chinayamba kubwera si chisoni ayi, koma mpumulo, kenaka kuzindikira kuti aulula zimene palibe anawafunsa. Chisoni chinabwera pachitatu.

M'mawa mwake sindinapite kuntchito. Ndinakwera minibasi kupita ku Kamwala kumene akulu anga ankagulitsa zitenje. Amayi atamwalira kwathu ku Katete, akulu angawa ndi amene anandibweretsa ku Lusaka, kundiphunzitsa sukulu yotayipa, ndiponso kundiimira paukwati. Ndinawapeza akupinda nsalu, ndipo tinakhala kuseri kwa mitokoma, anthu akudutsa pakhomo osalekeza. Ndinayamba ndi za khansa. Analira, n'kundigwira manja onse awiri. Kenaka ndinawauza za ku Kaunda Square, ndikuyembekezera kuti adzidzimuka.

Sanadzidzimuke. Anasiya manja anga n'kuyamba kusalaza chitenje chimene chinali chosalala kale.

"Munali kudziwa," ndinatero.

"Mwana wa amayi, mvela kaye."

"Kuyambila liti?"

Anati kuyambira mkaziyo ali ndi pakati. Anawaona awiriwo akugula matewera pashopu ya mmwenye, tsidya lina la msewu. Anawaitana alamu awo n'kuwakalipira, iwo n'kulonjeza kuti azisiya. Mwana atabadwa, akulu anga anapita okha ku Kaunda Square kukamuona, ati kuti atsimikize ngati ndi wa alamu awodi.

"Ndinafuna kusunga banja lako," anatero. "Ukanapita kuti ndi ana awili, ntchito zikutha chonchi?"

Ndinawakumbutsa kuti Khirisimasi iliyonse ankadya kunyumba kwanga, atakhala pakati pa ine ndi munthu ameneyo, akumuyamikira kuti ndi wolimbikira. Ndinawakumbutsanso maliro amene tinkayendera limodzi, a akazi anzathu amene anafa asakudziwa kumene matenda anachokera. Ndinawafunsa ngati pamaliro amenewo sankandiyang'ana n'kuganiza kanthu. Anangoti ankandipempherera. Ndinanyamuka osatsanzika.

Asanandichite opaleshoni, ndinapempha adokotala kuti andipimenso magazi, aone ngati ndili ndi Edzi. Zotsatira zinatenga masiku ambiri, ndipo masiku amenewo ndinaopa kuposa mmene ndinaopera mpeni. Amene anandiperekeza kukazitenga ndi mnzanga wa ku Kitwe uja. Magazi anali abwino. Tili pabenchi panja anandigulira chimanga chootcha, ndipo ndinadya chonse, koyamba kumva njala sabata yonseyo. Amuna anga anakana kukapimitsa. Anati akadziwa adzafa msanga.

Nditatsitsimuka pambuyo pa opaleshoni, pachifuwa atakulungapo mabandeji, nkhope yoyamba imene ndinaona inali ya akulu anga. Anali atatseka malonda awo n'kubwera ndi mphasa yogonapo pansi pa bedi. Ndinatembenukira kukhoma. Koma dzanja lamanzere silinkakwera, sindinkatha kuvala kapena kupita kuchimbudzi ndekha, ndipo panalibe wina. Ana anali aang'ono, mnzanga anali ndi ntchito. Choncho ankandisambitsa ndi iwowo. Ankandipukuta msana mosamala ngati khanda. Mankhwala a m'diripu atayamba, tsitsi likuthothoka, ndikusanza chilichonse, ndi iwo ankagwira beseni. Zikomo ndinkanena, poti ndinaleredwa choncho, koma sindinkawayang'ana kumaso.

Amuna anga nawonso anasanduka munthu wabwino kwambiri. Ankabwera nthawi iliyonse yoona odwala ndi malalanje ndi maheu, manesi n'kumati ndili ndi mwayi, amuna ambiri amathawa mkazi akachotsedwa bere. Amayi a chigwirizano a kutchalitchi kwathu atabwera kudzaimba, mtsogoleri wawo anawatchula m'pemphero monga chitsanzo kwa abambo ena. Ndinatsegula maso pakati pa pempherolo ndipo ndinapeza amayi awiri akuyang'anizana. Pamenepo ndinadziwa kuti nkhaniyi sinathere pa akulu anga okha. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense wolowa ndi kambale ka chakudya ndinkamuyesa m'mtima: uyu ankadziwa kapena ayi? Ndi ntchito yotopetsa kwa munthu wodwala, koma sindinkatha kuileka.

Ndinadikira mpaka mankhwala atatha ndi mphamvu zitabwerera. Loweruka lina m'mawa ndinalongedza zovala za amuna anga m'masutikesi awiri, ndinazisita zonse, n'kuwauza kuti apite ku Kaunda Square, ana azidzawaona akafuna. Anati akhala akundisamala chaka chathunthu. Ndinavomera kuti n'zoona, ndipo sindinasinthe maganizo. Akulu anga atamva anabwera kudzandinyengerera, koma ndinawauza kuti pa nkhani ya banja langa mawu awo anatha.

Ndinabwerera kuntchito nditavala duku, m'kamisolo nditaikamo kansalu kopinda. Dzanja linkatupa ndikatayipa nthawi yaitali, ndipo mnzanga uja ankatenga makalata ena pathebulo panga mwakachetechete, osadikira kuti ndimupemphe. Khansa sinabwererenso. Mkazi wa ku Kaunda Square anamwalira patapita zaka ziwiri, amuna anga n'kumutsatira chaka chinacho. Kumaliro awo ndinapita chifukwa cha ana.

Akulu anga tsopano ndi okalamba, amakhala ku Chelstone kwa mwana wawo, maso sakuonanso bwino. Ndimapitako mwezi uliwonse, ndimawadula zikhadabo ndi kuwawerengera Baibulo. Ulendo wina anandigwira mkono n'kunena kuti akanakhala ndi mwayi wobwerera m'mbuyo, mwina akanachitabe chimodzimodzi. Ndinawauza kuti ndikudziwa. Kenaka ndinawafunsa ngati amwa kale mankhwala awo a masana.