Amayi Ochapa Amene Tinawalanda Yunifolomu

Amayi ochapa aja tinawaika m'manda sabata yatha, ndipo ena amene analira mokweza pamaliropo anayenera kuchita manyazi.

Analeredwa ndi azakhali awo m'nyumba ya chipinda chimodzi. Ali mtsikana analowa ntchito kuchipatala, m'kachipinda ka kuseri konunkha sopo ndi mkodzo, kumachapa nsalu zogonera odwala. Manja awo anang'aluka mpaka ukalamba. Ankakonda kunena kuti, "Ine nsalu sindiifunsa kuti wagonapo ndani."

Chuma chawo chonse chinali yunifolomu ya bungwe la amayi a mumpingo. Ankaisita mosamala ngati diresi la ukwati, n'kumauza mwana wawo kuti, "Ndikadzafa, mudzandiveke imeneyi."

Kenaka kunadwala mayi wina wogulitsa mowa, amene mpingo unamudula kalekale. Mwana wake wamkazi anathawa fungo, ndipo mayiyo anatsala yekha, akudziipitsira pogona. Bungwe linakumana. Zimene zinayankhulidwa tsiku limenelo n'zochititsa nseru. Amayi apampando anati wodulidwa anataya yekha ufulu wothandizidwa. Alembi anati udindo ndi wa boma, popeza wodwalayo ndi nzika. Wina anati pemphero limafika ngakhale uli patali. Anagwirizana kuti aliyense woponda m'nyumba imeneyo achotsedwa m'bungwe.

Amayi ochapa anaganizira yunifolomu yawo, mtima n'kuwawa. Komabe anaimirira.

"Pepani amayi, ndamva zonse. Nanga pamene tikukambirana pano, mnzathuyo wagonera chiyani?"

"Khalani pansi, nkhani yatha," anatero apampando.

M'mawa mwake amayi ochapa ananyamula ndowa ndi sopo. Ankamusambitsa mayi wodwalayo ndi kumuchapira tsiku lililonse. Mwana wothawa uja atabwerera, sanamukalipire. Anangomuuza kuti, "Gwira kuno, mwanangu, tiwatembenuze." Anamuphunzitsa kusambitsa munthu wosatha kudzuka, mpaka wodwalayo anamwalira pa nsalu yoyera.

Yunifolomu analandidwadi. Apampando anainyamula ndi zala ziwiri, ngati ili ndi matenda, n'kuiponya m'kabati ya kutchalitchi. Amayi ochapa analira, n'kusamukira pa benchi ya kumbuyo. Anakhala pamenepo zaka zambiri, akuimba nawo, osanena aliyense.

Anamwalira mwamtendere m'mawa wina, atakhala pampando akuwothera dzuwa. Pamenepo bungwe linakumbuka kukhululuka. Amayiwo anafika ndi nyimbo, koma itakwana nthawi yosambitsa thupi anangoima pakhomo, akugundana zigongono. Amene analowa anali mwana wa wogulitsa mowa uja, ndowa ili m'manja.

Amayi a bungwe atatsegula kabati ija kuti atenge yunifolomu, anapeza njenjete zitaidya, kutsala mabatani ndi kolala. Choncho tinawakulunga m'nsalu yogonera imene anaichapa okha dzulo lake, imene inali ikadali pachingwe.