Chitseko Chosagunda Pansi

Dagdu Waghmare ndinakhala naye moyandikana zaka zambiri m'kanjira kathu ku Mumbai. Anali mmisiri womanga nyumba. Sindinganene kuti anali katswiri, koma zomanga zake sizinkagwa.

Kwathuko malo adatha kalekale, ndipo chilolezo chomangira munthu amachidikira mpaka imvi. Choncho banja likakula limakwera m'mwamba: kachipinda pamwamba pa kachipinda, makwerero achitsulo panja. Tizipinda tambiri totere anamanga ndi Dagdu.

Mng'ono wake Namdeo atakwatira, mkazi wake nakhala ndi pakati, Dagdu anawasiyira chipinda chapansi. Iye ndi mkazi wake Shalan anasamukira pamwamba.

"Alamu asamakwere makwerero ali chonchi," anatero. "Ife tazolowera ngati apusi."

Kenaka boma linalengeza kuti ligwetsa tinyumba tathu n'kumanga nyumba zosanja, banja lililonse lipatsidwe yake. Kunabwera mkulu wina ndi chitini cha utoto, akulemba nambala pazitseko za oyenera kulandira. Analemba pa chitseko cha Namdeo n'kumapitirira.

"Bwana, mwaiwala kuno," anaitana Dagdu ali pamakwerero.

"Lamulo limawerenga chitseko chogunda pansi, bambo. Inu muli m'malere."

"Nanga nyumba mukufuna kumangazo, si m'malere momwemo?"

"Amenewo ndi malere ovomerezeka," anayankha mkuluyo, osatukula n'komwe mutu.

Dagdu anatsika kukalankhula ndi mng'ono wake. Ndinamva zonse, pakuti chotilekanitsa chinali lata.

"Achimwene, nambalayo sindinalembe ndine," anatero Namdeo. "Mukufuna ndikangane ndi boma?"

"Iwe, pansipa anakupatsa ndani?"

"Ndiye munandipatsa kumene."

Kusukulu ya mishoni anatiphunzitsa kusaweruza anzathu, choncho sindinalowererepo.

Anagwetsa kanjira konse. Ife a nambala anatiika m'tizipinda todikiriramo. Koma Dagdu boma silinam'patse kanthu. Nyumba zosanja zija zinakwera pang'ono n'kuima, akuti chilolezo china chikadali pa tebulo la munthu. Zitsulo zake zachita dzimbiri.

Omangawo anamulemba Dagdu ulonda pomwepo. Amagona ndi Shalan pansi penipeni, pakati pa matumba a simenti youma. Nditakamuona, ndinapeza wakhoma pakhomopo chitseko chake chakale cha chipinda chapamwamba chija, chimene anachitola m'zigumukire.

"Chagunda pansi tsopano," anatero, akuchimenya ndi phazi. "Mukakumana naye wautoto uja, mumuuze."

Wautotoyo sanabwerenso. Ndamva kuti anamukweza paudindo.