Wojambula amene ananenepetsa aphunzitsi

Mnansi wathu wojambula zithunzi sayenda popanda kamera pachifuwa. Chaka chino cha 1986 wabwera ndi galasi latsopano la kamera kuchokera ku Mbeya, ndipo Karonga yense wamva! Akalipotokola ndi zala, anthu amayandikira kapena kutalikira iye ali chiimire. "Umu muli magalasi ambiri osanjikizana," amatero akulipukuta. "Amasonkhanitsa kuwala kwa m'mbali monse. Ukwati wonse umalowa, ndi ng'ombe zomwe!" Chilema chake n'chimodzi: woima kumapeto amatuluka wotambasuka.

Tsiku lina kunabwera a Gray, mphunzitsi woonda kwambiri wochokera ku Dedza. Mayi awo anali atalamula kuti abwerere kumudzi, poganiza kuti kuno akufa ndi njala. Koma a Gray anali atapeza mbeta ku Iponga, dzina lake Lettie.

"Adada, ndijambuleni ndioneke ngati ndimadya," anadandaula a Gray.

"Sono imani uko, asambizgi, kumapeto kwenikweni!" anayankha wojambula, poitana aphunzitsiwo m'chiyankhulo cha kuno.

Lettie ndi abale ake, amene anabweranso, wojambula anawaimika pakati. Chithunzi chitatuluka tonse tinakuwa. Masaya a aphunzitsi! Mapewa awo! A Gray anavina pakhonde, n'kuchitumiza ku Dedza.

Sabata yatha mayi aja anatsika basi atanyamula chitenje cha mpongozi. Anayang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, thupi lija lapita kuti?"

Wojambula, amene anali pomwepo, analumphira kutsogolo.

"Waonda pokusowani, amama!"

Mayi anaseka mpaka misozi, kenako anafunsa njira ya ku Iponga.