Funso la a Rufina ku Lifidzi

"Ndikaphunzira ndidzabwera, mayi. Ndidzakuyankhani pamaso pa mpingo wonse, m'tchalitchi momwe muno."

Lonjezo limeneli analipereka Armindo, mlaliki wa ku Lifidzi, anthu atangobwerako ku Malawi kumene tinathawira nkhondo. Amene ankalonjezedwawo anali a Rufina, mayi wamasiye wa mwana kumsana. Inu amene mumafuna nkhani zokulimbitsani mtima, iyi ndi ya munthu amene anayambira pansi penipeni n'kukafika patali. Koma muiwerenge mpaka kumapeto.

Masiku amenewo Lifidzi anali tsekera lokhalokha. Munthu ankazindikira pamene panali nyumba ya bambo ake poona mtengo wa mapichesi, chifukwa mapichesi okha ndiwo sanathawe. Tchalitchi chathu chinali cha udzu, mipando yake youmba ndi dothi, belu lake chitsulo cha lole yopsa. Koma kuimba kwake! Nyimbo zimene tinaphunzira ku Dedza tinkaziimba m'mimba mulibe kanthu, phiri n'kumayankha. Ndalowa m'matchalitchi a matailosi ndi zoziziritsa mpweya, koma kuimba kotero sindinakumvenso.

Armindo anali mwana wamasiye. Makolo ake onse anatsala m'manda a kumsasa wa othawa nkhondo, matenda otsegula m'mimba atasesa. Shikola, imene ku Malawi amati sukulu, anailekezera panjira. Ulaliki anaupeza chifukwa cha zinthu ziwiri: anali ndi mawu omveka kutsidya kwa dambo, ndiponso ankawerenga osaloza ndi chala. Abusa enieni anali kutali ku Vila Ulongwe, ndipo ankafika mwa apo ndi apo. Choncho mnyamata wa Baibulo lopanda chikuto ndiye anali zonse.

M'mawa wina a Tome, amuna awo a Rufina, anapita kukatsegula munda wa makolo awo. Khasu linagunda mina, bomba lokwirira lotsala pa nkhondo. Zimene anthu anatola anazikulunga mumkeka umodzi.

Pa maliropo Armindo anatsegula ndime ija yonena kuti Mulungu amalanga anthu amene amawakonda. Za chikondizo anazidumpha. Anagwira liwu limodzi lokha, kulanga, n'kuyamba kukwapula nalo. Anati Mulungu salanga munthu wosalakwa, ndipo nyumba imene yagweredwa zotere idzifufuze. Sankafunira munthu zoipa. Ankangoganiza kuti ulaliki wamphamvu ndi umene umanjenjemeretsa anthu, ndipo tsiku limenelo ananjenjemeradi.

Manda asanaume, a Basilio, akulu awo a malemu, anali atapeza kale mwini tchimo. Anakumbutsa anthu kuti ku Dedza alamu awowo ankagulitsa mandasi pamsika, ndipo ankaseka kwambiri ndi ogula. Umboni wina sanaufune, poti ngakhale mlaliki anali atanena. Munda unalandidwa. A Rufina anakakhala kumapeto kwa mudzi, ndipo amayi a pachitsime anawapatsa dzina latsopano, lomveka ngati la mfunda: Nalangidwa.

Lamulungu lina mapemphero atatha, anthu asanabalalike, a Rufina anaima kutsogolo kwa Armindo. Sanakweze mawu.

"A mlaliki, ndabwera kudzalapa, koma tchimo lake sindikulidziwa. Inu amene munaliona m'bukumo, nditchulireni."

Armindo anatembenuza masamba, kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo. Tchimo la a Rufina munalibe. Thukuta linatsika m'khosi kunja kukuzizira. Ndi pamene ananena lonjezo lija.

"Mufulumireko," anatero a Rufina, akukweza mwana kumsana. "Dzinali likulemera."

Kuyambira tsiku limenelo Armindo sanaimenso kutsogolo. Mawu aja omveka kutsidya kwa dambo anaphwa. Anagulitsa mbuzi imene anabwera nayo kuchokera ku Malawi n'kukwera galimoto wa ku Tete, kumene mpingo unali ndi shikola yophunzitsa abusa.

Izame yolowera, mayeso ake, inali m'Chipwitikizi. Iye anakulira kumsasa, kumene Chipwitikizi chinkamveka pa wailesi pokha. Mkulu woyesa atawerenga pepala lake anavula magalasi n'kumuuza mwaulemu kuti Chipwitikizi chake chili ngati msewu wa ku Domwe nthawi ya dzinja: munthu umaona kumene ukupita, koma sufika.

Anabwerera kumudzi wopanda mbuzi, wopanda malo. Anyamata a pa bawo anamulandira ndi dzina loti Dotolo. Ankamufunsa ngati ku Tete anakaphunzira kutuluka thukuta, poti china chimene anabwera nacho sichinkaoneka.

Pamenepa ambiri akanasiya. Armindo anabwereka njinga n'kuyamba kunyamula matumba a kachewere kupita nawo ku Domwe. Amene anakankhapo njinga yolemedwa pa zitunda za kumeneko akudziwa kuti mapemphero ake amakhala aafupi. Masana akabwerako ankasamba m'manja n'kukakhala pa benchi limodzi ndi ana a pulaimale, maondo akugunda desiki. Anawo ankamutcha Vovo, kutanthauza agogo. Pulofesolo wake, mphunzitsi wa anawo, anali wamng'ono kwa iye, ndipo pomudzudzula ankayamba wapepesa.

Akakumana ndi a Rufina panjira ya kuchigayo, mayiwo ankangofunsa kuti, "Zafika pati?" Iye ankati zatsala pang'ono.

Anapitanso ku Tete, n'kulepheranso. Anabwerera ku njinga yake. Ulendo wotsatira dzina lake linatuluka, chakumunsi kwenikweni kwa anzake, koma linatuluka.

Moyo wa kushikolako sunali wophweka. Mwana wa kumapiri, wozolowera chisanu, ankasungunuka ndi dzuwa la m'mbali mwa Zambezi. Ndalama za maphunziro ankabweza pothirira dimba la shikola. Anzake ochokera m'tauni ankamuseka katchulidwe. Ndipo zimene ankaphunzira poyamba zinkamukwiyitsa. Iye anabwera kudzafuna yankho limodzi, koma iwo ankamuphunzitsa mbiri ya mpingo, mapu a maiko akale, ndi zilembo za Chigiriki zokhala ngati mapazi a nkhuku pamatope.

Mphunzitsi wa Chigirikiyo anali a Vasco, nkhalamba ya kum'mwera kwa dziko, yosadziwa Chinyanja n'pang'ono pomwe. Lamulo lawo linali limodzi: usanafunse kuti ndime ikunena chiyani kwa anthu ako, funsa kuti inalembedwera yani, ali pa vuto lanji. Tsiku lina anafika pa ndime ija ya pa maliro a Tome. Armindo anaweramitsa mutu.

A Vasco anafotokoza kuti mawuwo analembedwera anthu ozunzidwa, olandidwa katundu, otsala pang'ono kutaya chikhulupiriro. Wolembayo sankawaimba mlandu. Ankawauza kuti mavuto awo si chizindikiro chakuti atayidwa, iwo ndi ana a m'nyumba. Liwu la Chigirikilo, anatero, ndi la kulera mwana: kumuphunzitsa, kumuwongola, kumukonzekeretsa kukhala munthu. Kenaka, monga ankachitira nthawi zonse, anafunsa wophunzira aliyense mmene chinenero cha kwawo chimanenera. Wa Chisena ananena lake, wa Chindau lake. Armindo anati kwawo amati kulanga.

"Liwu limeneli kwanuko limagwiranso ntchito yanji?" anafunsa a Vasco.

Armindo anayamba kuyankha kuti ndi la chilango basi, koma anaima pakati. Anakumbukira mayi ake akumanga mpango m'mawa, akunena kuti akupita kukalanga namwali. Anakumbukira ankhoswe akulowa m'nyumba kukalanga ukwati. Kumeneko palibe amene amanyamula chikoti. Amakhala nawe pansi n'kukuuza za moyo, chifukwa ndiwe wawo ndipo akufuna ukhale bwino.

Liwulo linali ndi makomo awiri, ndipo khomo lachiwirilo analidziwa chibadwire. Zinatengera Chigiriki, ndi mlendo wosadziwa chinenero chathu, kuti alione.

Anzake atatuluka anatsalira n'kuwafotokozera a Vasco za ku Lifidzi. Anafunsa ngati tsono Mulungu anapha Tome pofuna kuphunzitsa mkazi wake. Nkhalambayo inapukusa mutu.

"Mina ija anaikwirira ndi anthu, mwana wanga. Usamunamizire Mulungu kawiri. Ndipo maliro si bwalo la milandu. Pamaliro m'busa amayamba wakhala pansi."

Anthu ena amati maphunziro amazimitsa moto wa mlaliki. Ine ndawerenga mabuku okwanira, ndamvanso alaliki okwanira, ndipo ndikuti moto wopanda mafuwa umangotentha nyumba. Armindo anatuluka m'shikola muja mawu ake aja atabwerera, koma tsopano ankadziwa powatsitsa.

Atadzozedwa ankayembekeza kuti amutumiza kwawo. Mpingo unamutumiza ku Moatize, kwa anthu a m'migodi ya malasha. Armindo anati apite kaye akakhazikike, ku Lifidzi adzapita pa tchuthi. Ku Moatize anadziwika msanga. Akamva za imfa ankafika asanaitanidwe, n'kukhala pamphasa ndi ofedwa osatsegula buku. Achibale akayamba kusakasaka wolakwa, ankawafunsa mofatsa kuti malemu anadwala chiyani, ndipo dokotala anati chiyani. Amayi amasiye ambiri anatsala m'nyumba zawo chifukwa cha mafunso awiri amenewa.

Kuchoka apo anapita ku Chimoio, kenaka ku Beira. Uko ndi kumene ndinakamupeza, chifukwa inenso ndinatha zaka zanga zabwino padoko la kumeneko. Namondwe wamkulu uja atagwetsa mzinda, aneneri a m'misewu anatuluka ndi zimkuzamawu zawo n'kumalengeza kuti Beira walangidwa chifukwa cha machimo. Abusa Armindo anaima m'tchalitchi chopanda denga, madzi ali m'akakolo, n'kuwauza anthu otaya ana kuti mphepo siwerenga machimo, ikanatero ikanayambira nyumba zina zimene zaima bwinobwino. Anthu anaseka misozi ili m'maso. Kenaka anawaphunzitsa liwu la kwathu lija, makomo ake awiri, ndi nkhani ya mayi wina wa kumapiri amene mlaliki wosaphunzira anamusenzetsa dzina.

Ulaliki umenewo unayenda. Unamveka pa wailesi. Lero amauphunzitsa kwa abusa achinyamata, poti iye tsopano ndiye akukhala pa mpando wa a Vasco. Mwana wamasiye wa njinga yobwereka uja akalowa mumsonkhano, anthu a madigiri amaimirira.

Tsiku lija la m'tchalitchi chopanda denga ndinamudikirira pakhomo. Ndinamupatsa moni m'chinenero chathu, ndipo anandikumbatira ngati mbale. Tinafunsana za mapichesi, za chisanu, za amene anatisiya. Kenaka ndinafunsa kuti nanga ku Lifidzi.

"Chaka chino, achimwene," anatero. "Ikangotha sinodi."

Nditabwerera kwathu chaka chatha ndinapeza Lifidzi wina. Tchalitchi ndi cha njerwa ndi malata, belu lake logula. Njinga zamoto zikulira paliponse. Pamsika pali matchalitchi atsopano atatu oyang'anizana, lililonse ndi mneneri wake amene anadzuka m'mawa wina n'kudzidzoza yekha, ndipo onse akugulitsa katundu yemwe uja Armindo anagulitsa pa maliro a Tome, kungoti tsopano ali ndi magetsi a dzuwa. Mitengo ya mapichesi yambiri anaidula.

A Rufina ndinawapeza pakhonde kwa mwana wawo, uja anali kumsana, akusola nyemba. A Basilio anamwalira kale, munda uja unagulidwa ndi wamalonda a kachewere. A Rufina m'tchalitchi anali asanalowemonso. Ana amene anandilozera njira anati ndikufuna kwa agogo a Nalangidwa, ndipo ankayesa ndi dzina la makolo.

Ndinawafotokozera zonse: za Chigiriki, za makomo awiri, za anthu a ku Beira amene amalira akamva nkhani yawo. Anamvetsera manja akugwirabe ntchito. Anati zimenezo anamva kale, mdzukulu wawo anawatsegulira wailesi, ndipo mnyamatayo amalankhula bwino masiku ano. Anafunsa ngati ananenepa. Nditavomera anaseka.

"Ndiye kuti ku Beira akudziwa kuti ndilibe mlandu," anatero. "Koma ine sindikhala ku Beira, bambo. Anati m'tchalitchi umo, pamaso pa anthu awa. Mukamuuze kuti ndilipo."

Uthengawo ndinautumiza. Yankho linabwera loti akubwera ikatha Pasaka.

Tsono inu amene mwalephera izame, inu amene akukusekani pa bawo, inu amene mwakula koma mukufuna kubwerera pa benchi la ana: osataya mtima. Njinga ya kachewere inamufikitsa munthu pa mpando wa aphunzitsi a abusa. Ndipo inu amene mukumva kuitanidwa kuti muime pamaso pa anthu ndi buku m'manja, pitani mukaphunzire kaye, ngakhale zitenge zaka, ngakhale mugulitse mbuzi yomaliza. Liwu limodzi losamvetsa bwino limalanda munda. Limbikirani mpaka mulimvetse.

A Rufina anamwalira m'chisanu cha chaka chino. Pa maliro awo analalikira mnyamata wina wa mawu amphamvu. Abusa Armindo sanabwere kudzawayankha.