Chaka Chimene a Msiska Anatalika

Ku Kawale kuno, khanda lililonse la mumsewu mwathu limatuluka kuchipatala litakulungidwa m'shawelo yoluka amake Fiona. Ine ndine neba wawo, timalekana ndi mpanda wa malata obookabooka, choncho za m'nyumba mwawo ndimazidziwa osafunsa. Mayi ameneyu amaluka podikira madzi pampope, amaluka m'minibasi, amalukanso pamaliro mobisa kunsi kwa chitenje. Tsiku lina anakalipira mwana wanga Rozina chifukwa cha nkhuku, ndipo pomaliza kukalipako chipewa cha khanda chinali chatha.

Amuna awo ndi a Msiska, a ku Rumphi, mkulu wa mpingo, amene anapuma ntchito ya ukalaliki m'boma. Munthu wabwino, sindikana. Koma ndi amuna aja oti mkazi atameta mpala, amadzafunsa mwezi utatha kuti, "Kodi mwasintha chiyani?"

M'chaka cha 2021, nyengo yozizira itayamba, korona inabweranso ndi ukali. Amake Fiona ali ndi shuga, ndiye mwana wawo Fiona, amene anakwatiwa ku Area 25, anawaletsa kutuluka pageti. Fionayo anali woyembekezera, mimba yoyamba. Kuchipatala ankalola gadiyani mmodzi yekha, ndipo anasankhidwa anali apongozi ake. Amake Fiona analira tsiku limenelo, ine ndinawamvera chisoni kwambiri. Atapukuta misozi anandiitana pampanda.

"Amake Rozina, ngati ine sindikamugwira mwana ameneyo, shawelo yanga ikamugwira. Asakatuluke m'bulangete loyabwa la asewele."

Vuto linali ulusi. Wofewa uja unkabwera ndi mabasi a ku Joni, ndipo mabasiwo ankayenda mwa apo ndi apo. Ananditumiza m'tauni, ndinazungulira mashopu mpaka mapazi kutupa, n'kubwera ndi umene ndinaupeza. Anaukhudzitsa patsaya n'kundibwezera.

"Uwu ndi womangira matumba a makala."

Ulusi wofewa wokhawo m'nyumba monsemo unali pathupi pa a Msiska. Inali juzi yachikasu, yaikulu, imene mayiwa anawalukira adakali pachibwenzi. Anayesa kuiyamba nkhaniyo mozungulira, kuti juziyo yakalamba, siyeneranso mkulu wa mpingo. A Msiska anayankha osachotsa khutu pawailesi kuti adzawaike nayo m'manda. Nkhani yopempha inathera pomwepo.

Koma masiku amenewo a Msiska anali ndi mwambo. Masana aliwonse ankavula juzi n'kuikoleka pampando, kenako ankalowa m'bulangete limodzi ndi chidebe cha madzi owira a masamba a bulugama, kudzifukiza kuti korona iwaope. M'menemo ankaimba nyimbo ya kutchalitchi m'Chitumbuka, ndime zonse, kwinaku akutsokomola. Juziyo inalukidwa kuyambira kukhosi kutsika m'munsi, ndiye mathero a ulusi anali m'chiuno ndi kumapeto kwa mikono. Nyimbo ikangoyamba, amake Fiona ankamasula mizere ingapo, kutseka bwinobwino m'mphepete, n'kuibwezera pampando. Ameni asanamveke, iwo anali atakhala kale pamkeka, nkhope ngati ya munthu wosadziwa kanthu.

Ulusi womasula umakhala wopotanapotana, umafunika kuunyowetsa ndi kuukulunganso. Mukuganiza kuti ankatambasula mikono kuwagwirira ndani? A Msiska omwewo.

"Ulusi wabwinotu uwu, amake Fiona. Mwaugula kuti?"

"Ndi wakalekale, bambo a Fiona."

"Zinthu zakale zinali zolimba," anatero, akugwedeza mutu.

Choyamba kuonekera inali wotchi ya pamkono. Kenako lamba wa thalauzi. Mchombo utayamba kusuzumira pakati pa mabatani a shati, a Msiska anakhala pansi n'kuiganizira nkhaniyo mozama ngati munthu wophunzira. M'mawa wina anandiitana pampanda, masiki ili pachibwano, maso akuwala.

"Amake Rozina, katemera wa korona ndinabayitsa uja wayamba kugwira ntchito. Ndikukula."

"Mukunenepa, abambo?"

"Kutalika! Taonani mikonoyi. Serious, pa msinkhu wangawu!"

Ndinaluma chitenje kuti ndisaseke. Kumbuyo kwawo amake Fiona anandiyang'ana diso loti ndikangoyasamula, ubale watha.

Mawu salowa m'thumba ku Kawale. Pofika madzulo nkhani inali itafika kwa Mackson wokhoma zidebe, mwamuna wamfupi amene amakwera njerwa kuti atseke zenera lake. Mackson ameneyu analumbira pamaso pa tonse kuti katemera ndi wa satana ndipo sadzamulowa m'thupi. M'mawa mwake anali woyamba pamzere wa katemera. Anamutsatira anzake enanso, onse amsinkhu womwewo, mpaka mlangizi wa zaumoyo anafunsa ngati mumsewu mwathu mulibe amuna aatali. Kuyambira pamenepo Mackson ankabwera kwa a Msiska kudzayezedwa pachitseko ndi khala. Mzere wake sunkasuntha.

"Dekha, mwana wanga," ankamulimbikitsa a Msiska. "Ine inayambira kumikono."

Shawelo inkakula, juzi inkatha. Mikono inafika m'zigongono, m'munsi munafika m'nthiti. Mkulu wa mpingo ankayendayenda pakhonde atavala kanthu kooneka ngati kobwereka kwa mwana wa sitandade 3, koma akunyada, mutu uli m'mwamba kuopa kugunda denga.

Ndiye Lachiwiri lina m'mawa foni inalira. Anali mkamwini wawo. Fiona wachira, mwana wamkazi, wafulumira kubwera, ndipo mawa lake awatulutsa. Tinalulutira mbali zonse ziwiri za mpanda. Koma nthungululu za amake Fiona zinadukira pakati. Shawelo inali isanathe, mbali imodzi yonse inalibe mphepete, ndipo zoba pang'onopang'ono panthawi ya bulugama sizikanakwanira.

Amake Fiona anatenga shaweloyo, kukaima kutsogolo kwa amuna awo, n'kuigunditsa pachifuwa pawo. A Msiska anayang'ana shawelo, anayang'ana juzi, anayang'ananso shawelo. Mtundu umodzi. Ine ndinatchera khutu pampanda, chifukwa a Msiska akakwiya amalankhula Chingerezi mpaka dzuwa kulowa.

"Ndiye kuti sindinatalike?"

"Ayi, bambo a Fiona."

"Ngakhale pang'ono?"

"Mwafupika kumene. Ukalamba."

Kenako a Msiska anafunsa kuti kwatsala kuluka kochuluka bwanji, ndipo atauzidwa, anafufuza okha m'nthiti mwawo mpaka kupeza mfundo ya ulusi.

"Yambani. Koma Mackson asamve."

Kuvula anakana, akuti kukuzizira ndipo juziyo aimalizira ali m'katimo. Nthawi yonyowetsa ulusi panalibe. Anakhala pampando wopanda choyedzamira pakati pa khonde, mikono m'mwamba, ndipo amake Fiona ankaluka kuchokera pathupi pawo. Ulusi ukakoka, a Msiska ankatembenuka pang'onopang'ono ngati chimanga chootcha pambaula. Ankazungulira, chizungulire chikawagwira ankapuma, ine n'kuwapatsira tiyi wa jinja pamwamba pa mpanda. Mackson atabwera ndi khala lake, tinamuuza pageti kuti abambo ali pa kolantini. Dzuwa likupendeka, shawelo inatha, ndipo m'khosi mwa a Msiska munangotsala kolala yokha.

M'mawa mwake anavala jekete la kutchalitchi, kolala yachikasu ili pomwepo, n'kukwera kabaza shawelo ili m'jumbo pachifuwa. Amake Fiona anawaperekeza mpaka pageti, malire awo. Anawalangiza zambiri: asaiike pansi, asaipereke kwa mlonda, awauze asewele kuti mbali yosalala ndiyo ikhudze khungu la mwana. Kabaza itakhota, anangoima pomwepo. Zinandipweteka kuona mayi amene wafunditsa ana a msewu wonse akulephera kukaona wake.

Foni yawo ndi yamabatani, ndiye chithunzi chinabwera pa yanga chakumasana. Ndinaipukuta ndi sanitaiza n'kuwapatsira pampanda. Kamwana kanali m'tulo, kankhope kokha kakuoneka, thupi lonse lili m'chikasu.

Anachiyang'anitsitsa.

"Aizondotsa," anatero. "Ndinanena ine. Asewele aifunditsa chakunja m'kati."

Kenako misozi inatsika. Anaika foni yanga paphewa, n'kuyamba kuisisita kumsana, akuyendayenda pakhonde ndi kuimba chapansipansi. Ndinali ndi makasitomala a mandasi oti ndiwaimbire tsiku limenelo, koma sindinaiitanitse.